Funsani Amisiri: Nyumba za Maseva, Magetsi Ake ndi Kutentha Kwake

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno achokera ku Zomba, ndipo akuzungulira pa nkhani imodzi: kumene zinthu za pa intaneti zimasungidwa, ndi zimene zimafunika kuti makina osungirawo asazime. Ena ofunsawo ali ndi foni yokha m'manja, ena ndi amene amasunga makiyi a chipinda cha maseva kuntchito kwawo. Pamene pafunika masamu tawalemba poyera kuti aliyense awerengere yekha ndi manambala a makina ake.

Funso: Foni yanga inagwera m'madzi pa Likangala. Mwana wanga atalowetsa imelo yanga m'foni yatsopano, zithunzi za katundu wanga ndi manambala a makasitomala zonse zinabwerera. Akuti zinali pa "cloud". Kumeneko ndi kuti, nanga amasunga ndani?
*Mayi wogulitsa zitenje, msika wa Zomba*

Yankho: Mayi, mawu akuti cloud pa Chichewa ndi mtambo, koma zinthu zanu sizinali kumwamba ayi. Zinali m'nyumba ya simenti ndi zitsulo yotchedwa data center, momwe muli makompyuta zikwizikwi otchedwa maseva. Seva ndi bokosi lachitsulo lathyathyathya, lopanda sikirini, limene amalilowetsa m'kabati yotchedwa raki monga mumalowetsera dirowa. Malo olowetsera m'raki ndi mainchesi 19 m'lifupi padziko lonse. Makulidwe a seva amawayeza ndi chilembo cha U: 1U ndi mamilimita 44.45, ndipo raki yodziwika kwambiri ndi ya 42U, yotalika pafupifupi mamita awiri. Maraki amawandandalika m'mizere yoyang'anizana. Mpweya wozizira umalowa chakumaso, umadutsa m'makinamo, n'kutulukira kumsana utatentha. Mukayenda m'kanjira ka kumaso mumamva chisanu ngati cha mu June, mukatembenukira kumsana mumatuluka thukuta, ndipo phokoso la mafani silisiya usana ndi usiku.

Ngati foni yanu ndi ya Android, zinthuzo zimasungidwa ndi Google. Ngati ndi iPhone, ndi Apple. Sasunga kope limodzi lokha. Amakopera pa madisiki angapo, nthawi zambiri m'nyumba zosiyana, kuti disiki ina ikafa inu musadziwe n'komwe. Makampani akuluakuluwa anafikanso kuno ku Africa: Microsoft inatsegula malo ake ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Izi sizitanthauza kuti zithunzi zanu zili ku Joni, chifukwa kampani ndiyo imasankha kokaziika, ndipo zitha kukhala ku Ulaya kapena ku America. Kuno kwathu boma linatsegula National Data Centre ku Blantyre mu 2022, yosungira zinthu za boma.

Ulendo wa chithunzi chanu umayamba pa nsanja ya netiweki, kenako umalowa mu waya wa fayiba, womwe ndi ulusi wagalasi wonyamula kuwala. Poti dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, fayibayo imadutsa m'maiko oyandikana nawo kukalumikizana ndi mawaya a pansi pa nyanja monga SEACOM wa mu 2009 ndi EASSy wa mu 2010, amene amatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. N'chifukwa chake waya ukaduka ku Tanzania kapena ku Mozambique, WhatsApp imavuta mpaka pa Mpondabwino.

Chimene tikupempha ndi ichi: lembani imelo ndi pasiwedi yanu papepala, musunge kunyumba pamalo obisika. Onaninso kuti malo aulere a 15 GB amene Google imapereka sanadzaze, chifukwa akadzaza foni imasiya kutumiza zithunzi zatsopano.

Funso: Bungwe lathu lapeza thandizo logulira maseva atatu ndi makina osungira mafayilo. Abwana akufuna tigule makinawo kaye, za chipinda tiona pambuyo. Tiyambire pati, ndipo UPS ndi jenereta zikhale zazikulu bwanji?
*Woyang'anira makompyuta, Matawale*

Yankho: Achimwene, auzeni abwana mwaulemu kuti ndondomekoyo yatembenuka. Maseva amakono safa wamba. Chimene chimawapha ndi magetsi osakhazikika, kutentha ndi mphezi, ndipo zonsezi ndi nkhani za chipinda. Ndalama zikakhala zochepa, ndi bwino kugula maseva awiri n'kukonza chipinda mokwanira kusiyana ndi kugula atatu n'kuwaika m'sitolo ya mapepala.

Yambani ndi kuwonkhetsa mawatsi. Musatengere nambala yolembedwa pa power supply, chifukwa imeneyo ndi malire ake. Seva yolembedwa 800 W nthawi zambiri imadya theka lake kapena kucheperapo. Tiyerekeze kuti seva iliyonse ikudya 400 W, atatuwo ndi 1,200 W. Makina osungira mafayilo 300 W, ma switch (mabokosi olumikiza makompyuta pa netiweki) awiri opatsanso magetsi makamera ndi ma access point 400 W, rauta ndi firewall 100 W. Zonse ndi 2,000 W, kapena kuti 2 kW. Wonjezerani 30 pa 100 ya zogula za mtsogolo, mupeza 2.6 kW.

UPS, bokosi la mabatire lothandiza kuti makina asazime magetsi akathima, amaigulitsa mu kVA, osati mu kW, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Onani nambala ya power factor pa pepala la makinawo, imene mumachulukitsa ndi kVA kuti mupeze kW. UPS ya 3 kVA ya 0.9 imapereka 2.7 kW basi, ya 0.8 imapereka 2.4 kW. Pa katundu wanuyu 3 kVA ili m'mphepete penipeni, choncho tengani ya 5 kapena 6 kVA. Ikhale ya mtundu wa online double conversion. Imeneyi imasandutsa magetsi olowa kukhala DC n'kupanganso 230 V ya 50 Hz yoyera nthawi zonse, moti magetsi akathima maseva samva kanthu. Timabokosi tating'ono ta pansi pa desiki timadikira kaye kuti magetsi azime ndiye tisinthe, komanso timalola zonyansa zambiri za mu waya kudutsa.

Kenako sankhani ntchito ya mabatire. Ngati muli ndi jenereta yodziyatsa yokha, mphindi 15 mpaka 30 n'zokwanira. Ngati mukufuna mabatire anyamule maola anayi, masamu ake ndi awa: 2 kW kuchulukitsa ndi 4 ndi 8 kWh, kuphatikiza zotayika mu inveta zifika pafupifupi 9 kWh. Batire ya 12 V 200 Ah ya lead-acid imasunga 2.4 kWh, koma simuyenera kuitsitsa kupyola theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye mufunika asanu ndi atatu. Ya lithium ya 51.2 V 100 Ah imasunga 5.12 kWh ndipo mutha kutengamo 80 mpaka 90 pa 100. Awiri angaperewere pang'ono, atatu akwanira. Poti kuno magetsi amatha kuthima kangapo pa sabata, lithium ndiyo imapindula ngakhale mtengo wake woyamba uli wokwera, chifukwa imapirira kutsitsidwa ndi kudzazidwa nthawi zikwi zingapo pamene lead-acid imatopa pa mazana angapo.

Kutentha tsopano. Watsi iliyonse imene seva yadya imasanduka kutentha m'chipindamo. 1 kW ndi ma BTU 3,412 pa ola; BTU ndi muyeso wa kutentha umene amalemba pa ma aircon. Mukaphatikiza 2 kW ya makina, kutentha kwa UPS ndi kolowera m'makoma ndi kudenga, mufika pafupifupi 3 kW, omwe ndi ma BTU opitirira pang'ono 10,000. Aircon ya 12,000 BTU ikhoza kukwanitsa mu June, koma mu Okutobala idzalira osapuma mpaka compressor ipse. Gulani ziwiri za 18,000 BTU zizisinthana sabata ndi sabata, iliyonse yotha kunyamula chipinda yokha. Zikhale zodziyatsa zokha magetsi akabwera. Zambiri za m'nyumba zimadikira munthu wa remote, ndipo magetsi akathima Loweruka usiku n'kubweranso, maseva amayaka, aircon ili chete, pofika Lolemba chipinda chili ngati uvuni wa njerwa. Musaike aircon pamwamba pa raki, chifukwa paipi yotulutsa madzi ikatsekeka ndi ndere, madziwo amadontha molunjika m'makina. Bungwe la akatswiri a zoziziritsa la ASHRAE limalangiza kuti mpweya wolowa m'maseva ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27. Palibe chifukwa chotsitsira pa 16. Ikani pa 23 kapena 24, muyezere kumaso kwa raki, ndipo kachipangizo koyezerako kazitumiza uthenga pa foni kutentha kukadutsa 28.

Jenereta inyamule makina, aircon imodzi, magetsi ounikira ndi kudzaza mabatire, zonse pafupifupi 5 kW. Ya dizilo ya 10 kVA, yomwe imapereka 8 kW, ili bwino, ndipo imamwa malita pafupifupi awiri pa ola pa katundu wotere. Ikachepa, liwiro lake limagwedezeka aircon ikamadzuka, UPS n'kukana magetsi ake, n'kupitiriza kudya mabatire mpaka kuzima jenereta ikulira panja. Ikakula mopyola muyeso n'kumayenda ndi katundu wosafika 30 pa 100, dizilo sapsa yense ndipo mumaona madzi akuda onona akuchucha ku ekizozi. Ikani ATS yosinthira yokha pakati pa ESCOM ndi jenereta. Mwezi uliwonse zimitsani dala main switch kwa mphindi 30 kuti muone ngati zonse zikusinthadi. Kuliza jenereta popanda katundu sikuyesa ATS, sikuyesanso UPS.

Chipinda chenichenicho chisakhale pansi pa bafa kapena thanki ya madzi, chisakhale ndi zenera loyang'ana kumadzulo, ndipo ngati denga ndi la malata pakhale siling'i yotchinga kutentha. Amene anaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa zoti chipinda chotere chisakhale kumunsi. Raki ya maseva ikhale yakuya mamilimita 1,000 kapena 1,200. Timakabati ta pakhoma ta 600 ndi ta ma switch basi. Siyani mpata wa mita imodzi ndi pang'ono kumaso, mita imodzi kumsana. Imangeni pansi ndi mabawuti, popeza tili m'chigwa cha zivomezi, monga zinaonekera ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. Mipata yopanda makina m'raki itsekeni ndi timapuleti kuti mpweya wotentha usabwerere kumaso. Mabowo olowera mawaya amateni, chifukwa khoswe amadya fayiba ngati chinangwa. Masoketi a UPS akhale a mtundu wosiyana ndi ena, pasapezeke wolumikizapo ketulo kapena laser printer.

Pomaliza uzani a zachuma za bilu. 2 kW usana ndi usiku kwa masiku 30 ndi mayunitsi 1,440, ndipo ndi zoziziritsira mufika cha m'ma 2,300 pa mwezi. Ndalama imeneyi ilowe mu bajeti ya chaka chilichonse, pamodzi ndi dizilo ndi kusevisa ma aircon.

Funso: Mabatire a UPS yathu anatupa n'kufa patangotha chaka ndi theka, pamene ogulitsa anati amakhala zaka zisanu. Kodi anatigulitsa achinyengo?
*Mlembi wa kampani yaing'ono, Sadzi*

Yankho: Mwina, koma tisanaloze chala ogulitsa, funsani kuti mabatirewo ankakhala pa kutentha kotani. Zaka zimene amalemba pa batire ya lead-acid yomata amaziwerengera pa madigiri 20 mpaka 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 8 mpaka 10 pamwamba pa apo, moyo wake umadulidwa pakati. Batire ya zaka zisanu ikakhala m'kabati yotseka ya madigiri 35 imangokhala zaka ziwiri ndi theka. Onjezanipo kuthimathima kwa magetsi. Mabatire a mu UPS anapangidwira kudikira, kugwira ntchito mphindi zochepa mwa apo ndi apo. Akamatsitsidwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, kenako magetsi n'kuthimanso asanadzaze, mapuleti a m'kati amachita chikhungu cholimba chimene sichisungunukanso. Kutupako ndi chizindikiro cha kutentha kapena kudzazidwa ndi volteji yokwera.

Posintha, sinthani mzere wonse nthawi imodzi, mtundu umodzi, opangidwa nthawi imodzi. Batire yatsopano ikasakanikirana ndi akale, yofookayo imakoka anzake onse. Onani tsiku lopangidwa; imene yakhala pa shelefu kupitirira miyezi isanu ndi umodzi osadzazidwa yayamba kale kufa. Musakhulupirire mita yokha: batire yakufa imatha kuonetsa 12.8 V ili yokha, n'kugwa pansi pa 10 V ikangopatsidwa katundu. Yesani ndi katundu miyezi itatu iliyonse n'kulemba mphindi zimene yapirira. Ikani pulogalamu ya UPS yozimitsa maseva mwadongosolo mphamvu ikatsala 30 kapena 40 pa 100. Akale aja musawataye kudzala kapena pafupi ndi mtsinje, muli mtovu ndi asidi. Abwezeni kwa ogula mabatire akutha.

Funso: Chaka chilichonse mvula zoyamba zikagwa, ma switch a m'nyumba zathu ziwiri amapsa madoko, ngakhale tili ndi UPS. Nyumbazo zatalikirana mamita 80 ndipo tinazilumikiza ndi waya wa Cat6 wodutsa m'mwamba.
*Mphunzitsi wa makompyuta, Chinamwali*

Yankho: Aphunzitsi, wolakwa ndi waya wa Cat6 ameneyo. Pa kutalika mulibe vuto, popeza malire ake ndi mamita 100. Vuto ndi lakuti ndi wa kopa. Mphezi sichita kufunika kumenya nyumba yanu. Ikagwa pa mtengo chapafupi, nthaka ya pansi pa nyumba ina imakwera volteji kuposa ya inzake kwa kanthawi kochepetsetsa, ndipo kusiyanako kumafuna njira. Njira imene ilipo ndi waya wanu, polowera pake ndi madoko a switch. UPS imalondera khomo la magetsi, pamene mphezi yalowera khomo la netiweki.

Chotsani kopa pakati pa nyumba, muike fayiba. Galasi silinyamula magetsi. Tengani fayiba ya panja ya single-mode yopanda chitsulo m'kati, ya timaulusi tinayi kapena kuposa kuti tina tikhale tapadera, ndi ma SFP (tizipangizo tolumikizira fayiba ku switch) awiri ofanana. Ikwirireni m'paipi pa kuya kwa masentimita 60, muyale tepi yochenjeza pamwamba pake kuti wolima kapena wokumba ngalande aione khasu lisanafike. Musaipinde mwamphamvu pa makona. Ngati mwapeza yokhala ndi chitsulo chotetezera, chitsulocho chilumikizidwe ku earth, waya wopita ku ndodo yokhomedwa m'nthaka, polowera m'nyumba.

Mbali ya magetsi ikufunanso ntchito. Pa main board paikidwe surge protector (chotchinga volteji yokwera mwadzidzidzi) ya Type 1, pa bolodi la chipinda cha makompyuta ya Type 2, mawaya ake akhale aafupi, osapyola theka la mita. Zipangizozi zimatha mphamvu. Kazenera kake kakafiira, sinthani. Koma sizithandiza kanthu ngati earth ili yofooka. Itanani wamagetsi wovomerezeka ayeze ndi earth tester mu Seputembala kapena Okutobala, nthaka itauma, chifukwa ndi pamene nambala imaipitsitsa. Mufune ma ohm osapyola 10, ndipo kucheperapo n'kwabwino. Kumunsi kwa phiri nthaka ndi yamiyala, ndodo imodzi sikwanira; khomani zingapo motalikirana mofanana ndi kutalika kwa ndodoyo kapena kuposa, muzilumikize pamodzi. Ambiri amathira mchere ndi makala m'dzenje. Nambala imatsikadi poyamba, koma mchere umadya ndodo ndi zomangira zake, n'kukokoloka ndi mvula. Dongo la bentonite ndilo limakhalitsa. Raki, UPS, jenereta ndi ndodo ya mphezi zonse zikumane pa earth imodzi.

Funso: Seva yathu ili ndi RAID, ndiye anatiuza kuti mafayilo sangatayike. Ena akuti tichotse seva, tiike zonse pa cloud. Zoona ndi ziti?
*Wosunga mabuku a ndalama, Domasi*

Yankho: Zonse ziwirizo zili ndi mbuna yake. RAID, yomwe ndi njira yogawira mafayilo pa madisiki angapo ogwira ntchito pamodzi, imakutetezani ku chinthu chimodzi, kufa kwa disiki. Pa madisiki asanu ndi limodzi a 8 TB, RAID 5 imakupatsani 40 TB n'kupirira disiki imodzi ikafa. RAID 6 imapereka 32 TB n'kupirira awiri. Pa madisiki aakulu chonchi sankhani RAID 6, chifukwa kumanganso disiki yatsopano kumatenga tsiku kapena kuposa, ndipo nthawi imeneyo otsalawo, omwe ndi amsinkhu umodzi, amakhala akugwira ntchito yakalavulagaga. Wachiwiri amakonda kufa pamenepo. Musunge disiki yapadera m'kabati, popeza kuitanitsa kunja kumatenga masabata. Muzionanso timagetsi ta kumaso kwa seva. Kachikasu kakayaka, musadikire.

Koma munthu akafufuta fayilo molakwitsa, RAID imafufuta pa madisiki onse nthawi yomweyo. Ransomware, pulogalamu ya akuba yokhoma mafayilo kuti muwalipire, ikalowa, imakhoma onse. Moto, madzi ndi akuba amatenga bokosi lonse. Chofunika ndi makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumbayo. Kope limodzi lizikhala losalumikizidwa ku netiweki. Miyezi itatu iliyonse bwezeretsani mafayilo angapo kuchokera m'kopelo n'kuwatsegula, chifukwa makope ambiri amadziwika kuti ndi opanda kanthu tsiku la tsoka.

Za kusamukira ku cloud, werengerani mzere wanu wa intaneti. Kukweza 500 GB pa liwiro la 20 Mbps kumatenga maola pafupifupi 56 osaduka, ndipo kutsitsa tsiku la vuto ndi ulendo wofananawo. Kuwala mu fayiba kumayenda makilomita 200,000 pa sekondi, ndiye makilomita 100 alionse amawonjezera millisecond imodzi kupita ndi kubwera. Johannesburg ili pa makilomita pafupifupi 1,400 molunjika, London kuposa 8,000, ndipo waya sayenda molunjika. Imelo sidandaula ndi zimenezi, koma pulogalamu yakale ya maakaunti yofunsa database kambirimbiri pa tsamba limodzi imakhala ngati yauma. Mukasankha cloud, sankhani malo a ku South Africa. Kumbukiraninso kuti bilu yake imabwera mu dola mwezi ndi mwezi, kwacha ikagwa bilu imakwera, ndipo makampani ambiri amalipiritsa potulutsa deta.

Maganizo athu ndi akuti imelo ndi webusayiti zipite ku cloud, pulogalamu yogwiritsa ntchito tsiku lonse mu ofesi ikhale pafupi, kope la usiku lizikwera ku cloud litakhomedwa ndi kiyi yanu. Mukhale ndi mizere iwiri ya intaneti yosadutsa ngalande imodzi. Makampani awiri atha kukhala akubwereka fayiba yomweyo, ndiye funsani njira yake. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, kapena rauta ya 4G zingakhale mzere wachiwiri. Ndipo ngati mukusunga maina, manambala a ziphaso kapena za umoyo wa anthu, werengani lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA ikuyang'anira, musanatumize zinthuzo kunja kwa dziko.

Funso: Pamwamba pa phiri la Zomba n'pozizira ndipo pali damu la Mulunguzi. Bwanji osamanga data center yaikulu pamenepo, ngakhale ya AI, kuti tisamadalire akunja?
*Wophunzira, Chikanda*

Yankho: Funso lanzeru ili, ndipo theka lake ndi loona. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse okwera, ndipo nsonga za phirili zimapitirira mamita 2,000. Nyumba zambiri zamakono zimagwiritsadi mpweya wa panja poziziritsa. Pali muyeso wotchedwa PUE, womwe ndi magetsi onse a nyumba kugawa ndi amene afika ku maseva. Chipinda wamba chimakhala pa 1.6 mpaka 2, pamene nyumba za makampani akuluakulu zimatsika kufika cha m'ma 1.1.

Koma kuzizira si chinthu choyamba posankha malo. Choyamba ndi magetsi. Raki wamba imadya 5 mpaka 10 kW. Kachipangizo kamodzi koyendetsa AI ka NVIDIA H100 kamadya mpaka 700 W, seva ya tizipangizo tisanu ndi titatu imadutsa 10 kW yokha, ndipo maraki atsopano a AI amapitirira 100 kW, moti mpweya sukwanitsa, amachita kuyendetsa madzi m'timapaipi pamwamba pa ma chip. Malo aakulu a AI amafuna 100 MW kapena kuposa. Yerekezani ndi Kapichira, imene imapanga pafupifupi 130 MW, ndipo itawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 dziko lonse linamva kuwawa kwa chaka chathunthu. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Waya wa 400 kV wochokera ku Matambo ku Mozambique kudzafika ku Phombeya ku Balaka, komanso sola ya ku Salima ndi Golomoti, ndi zimene zingasinthe masamuwa, osati chisanu.

Paphiripo palinso zovuta zake. Chifunga cha chiperoni ndi chinyezi chimene chimachititsa dzimbiri n'kusiya mame pa zitsulo. Mphezi ndi zambiri, moto wa tchire umayaka m'chilimwe, msewu ndi wokhotakhota kwa thanki ya dizilo, ndipo fayiba ndi mawaya a magetsi ziyenera kukwera ndi njira ziwiri zosiyana. Madzi a Mulunguzi ndi amene mzinda umamwa, sitingawapikisanitse ndi makina.

Chimene Zomba ingapindule nacho ndi malo aang'ono a maraki 10 kapena 20 m'tauni momwemo, omangidwa pa muyeso wa Tier III wa Uptime Institute, kutanthauza kuti UPS, jenereta kapena choziziritsira chilichonse chitha kuzimitsidwa n'kukonzedwa maseva akuyakabe. Mumzinda muno muli University of Malawi, National Statistical Office, MANEB ndi National Archives, onse osunga zinthu zosafunika kutayika. Mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre ndi wokwanira kuti moto kapena madzi a kumeneko asafike, komanso ndi waufupi moti kukopera deta kumachedwa ndi millisecond imodzi yokha. Malo oterewa atalumikizidwa ku Malawi Internet Exchange, pokumanira makampani a intaneti a m'dziko muno, imene inayamba ku Blantyre mu 2008, uthenga wochokera ku Chikanda kupita ku Matawale sungafunikenso kukazungulira kunja.

Funso: M'chipinda chathu cha maseva muli chozimira moto cha ufa. Chili bwino?
*Mlonda wamkulu, Ndola*

Yankho: Bambo, chichotseni, chipite ku galaja kapena pafupi ndi jenereta. Ufawo umazimadi moto, koma mafani amaukokera m'makina onse, ndipo ukakumana ndi chinyezi umadya timawaya ta m'kati, ngakhale m'maseva amene moto sunawakhudze. Pakhomo, chakunja, pakhale cha CO2 cha makilogalamu 5. Pochigwiritsa ntchito zimitsani kaye magetsi, UPS yomwe, gwirani pa chogwirira osati pa lipenga lake chifukwa limazizira mpaka kuwotcha khungu, ndipo mukatha tulukani msanga, popeza mpweyawo umabanikitsa m'chipinda chotseka. Zipinda zazikulu zimaikidwa mpweya wozimira moto wodzitulukira wokha monga FM-200 kapena Inergen. Kudenga kukhale alamu ya utsi yolira mpaka pamene mlonda amakhala, ndipo makatoni ndi mapepala onse atuluke m'chipindamo lero.